Vinyo wa Daisoni

Mpaka lero mukafunsa anthu akale a ku Chilomoni za vinyo amene ankagulitsidwa kumunsi kwa msika, adzakuyankhani kuti, "Oo, vinyo wa Daisoni!" Vinyo ameneyo sanali wa Daisoni. Ndinamutulukira ndine, m'dziko la eni, ndi zala zomwe zino zimene lero zimakanika kumanga batani la malaya kukazizira.

Ndinanyamuka nthawi imene Amalawi anali atasiya kulembedwa ntchito za ku migodi, aliyense akungodziyendera yekha. Mkazi wanga, amake Lute, anandiperekeza mpaka pa depoti mwana ali kumsana. Sanalire. Anangondipatsa mtedza wokazinga m'kapepala n'kunena kuti, "Musakatchone, bambo a Lute." Ine ndinaseka, n'kulonjeza kuti mvula ikagwa kawiri ndidzakhala nditabwera. Mvula inagwa, inagwanso, mpaka ndinaleka kuiwerenga.

Joni inandikana. Ndinagona m'magalaja, ndinadula udzu m'mayadi a azungu, kenaka wina anandinong'oneza kuti ku Kepi akufuna anthu osaopa kuzizira. Ine ndinakulira ku Mulanje, ndipo ndinkaganiza kuti chisanu ndimachidziwa. Ndinkadzinamiza.

Dera limenelo minda yake ndi ya mphesa zokhazokha. Kampani imene inandilemba inkafinya mphesazo, n'kuphika madzi ake mpaka atsale onanda, kenaka n'kuwathira m'madiramu ndi m'zitini, n'kuwaumitsa gwa ngati mwala. Ife antchito tinkangowatchula kuti uchi. Ntchito yanga inali yokankha madiramu a uchiwo m'zipinda zozizira. Ukalowamo mpweya unkatuluka mkamwa ngati utsi, ndevu zinkachita ayezi, ndipo magolovesi amene ankatipatsa ankabooka msanga kuposa m'mene ankatipatsira ena. Poweruka tinkayika manja m'khwapa, tikubuula, kudikira kuti magazi abwerere.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Daisoni. Diramu linamuponda chala ndipo ndinangomva munthu akukuwa kuti, "Mayo ine amayi!" Ndinasiya ngolo yanga n'kuthamangira komweko, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma chifukwa ndinali nditakhala nthawi yaitali osamva munthu akulira m'chinenero chathu. Anali mnyamata wa ku Ndirande, wamfupi, wapakamwa, woti ngakhale pamaliro angaseketse anamfedwa. Kuyambira tsiku limenelo tinkagona chipinda chimodzi pa komponi, tikudyera mbale imodzi.

Ndisamunamizire munthu. Chifuwa chitandigwira koyamba, Daisoni ndiye anandibereka kupita nane kuchipatala, ndipo ankakankha madiramu anga pamodzi ndi ake kuti kapitawo asandichotse ntchito. Zimenezi sindinaziiwale. Mwina n'chifukwa chake nsanje yanga imandipweteka kwambiri, poti munthu amene ndimamuchitira nsanjeyo ndilibe pomugwira.

Zitini za uchi zikaphwanyika m'mbali, kampani inkatilola kuzitenga. Anzathu ankapaka pa buledi, ena ankasungunula n'kumwa ngati sikwashi. Muyezo wake unali wodziwika: chitini chimodzi cha uchi, zitini zitatu za madzi, ndiye kuti madzi a mphesa abwerera m'mene analili asanaphikidwe. Tsiku lina ndinaiwala botolo la madzi oterewa pa zenera. Patapita masiku chitsekerero chinangoti phu! mpaka kudenga. Daisoni anathawira panja. Ine ndinanunkhiza botololo ndipo mphuno yanga inazindikira, pakuti amayi anga ankafulula masese ine ndikuwasonkhezera moto.

Ndinawononga zitini zambiri ndisanaipeze njira yake. Uchi uyenera kusungunuka wonse kaye, chifukwa ukauthira uli wozizira yisiti imagona tulo. Madzi akhale ofunda pang'ono, oti chala sichikupsa. Zitini zitatu pa chitini chimodzi, osapitirira. Shuga pang'ono chabe, yisiti ya buledi kasupuni kamodzi, zonse m'chigubu chotsukidwa ndi madzi owira. Pakamwa pa chigubu ndinkavekapo baluni yoibaya ndi singano, kuti mpweya uzituluka koma wakunja usalowe. Kukacha baluni ija inkakhala itaima. Ikadzagwa yokha, ndiye kuti kuwira kwatha, koma ndinkadikirabe mpaka nsenga zikhale pansi, vinyo ayere. Ankatuluka wofiira bwino, wowawira, woti ukamwa kapu imodzi zala zimakumbuka kuti zili ndi magazi.

Daisoni analibe mtima wodikira. Chigubu chake ankathiramo madzi anayi, nthawi zina asanu, shuga wodzaza manja, ndipo ankayamba kumwa baluni idakali chiimire.

"Aise, vinyo wakoyu akuwawa ngati mankhwala a malungo," ankatero. "Munthu wavutika tsiku lonse, ndiye azivutikanso ndi kapu?"

"Zakozo ndi thobwa la ana," ndinkamuyankha. "Madzi atatu basi."

Loweruka masana chipinda chathu chinkadzaza: Amalawi, anzathu a ku Mozambiki, ngakhale eni dziko. Tinkazungulira kawailesi kamodzi kofuna kukagwira mlongoti kuti kalankhule, ndipo ndi momwemo tinamvera kuti kwathu anthu asankha matipate. Tsiku limenelo Daisoni anavina pamwamba pa bedi mpaka kuthyola thabwa. Onse ankadziwa kuti mwini luso ndine. Pa komponi ankati vinyo wa bambo a Lute.

Pasanapite nthawi njira ya ku Tete inatseguka, ndipo mathiraki a firiji anayamba kunyamula nkhuku ndi zakudya zina zouma ndi ayezi kupita nazo m'masitolo a ku Blantyre. Daisoni, ndi pakamwa pake paja, anapalana ubwenzi ndi dalaivala wina n'kupeza ntchito yomuthandizira. Ine ndinaona mwayi. Ndinagula firiji yaikulu yogona, yogwirapo kale ntchito, kuti amake Lute azigulitsa mafirizesi kwa ana a sukulu. Ndinaikweza ndekha m'thiraki, pamodzi ndi katoni ya zitini za uchi.

"Ukawauze kuti madzi atatu," ndinamulangiza. "Ndipo uzikawaonerako alamu akowo, ali okha ndi mwana."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, palibe anandikakamiza. Walira mvula walira matope.

Kuyambira pamenepo Daisoni akabwera ku Kepi ankandibweretsera ufa ndi usipa, n'kunena kuti, "Alamu ali bho, bizinesi ikuyenda." Pobwerera ankanyamula makatoni ena a uchi. Ine ndinkasangalala kuti ana a ku Chilomoni amakonda mafirizesi chotere. Kuti ndifunse chifukwa chake mafirizesi akudya makatoni ochuluka chonchi, nzeru imeneyo sinandibwerere.

Chifuwa chinabweranso, ulendo uno mwaukali. Dokotala anati ndikapitiriza kulowa m'zipinda zozizira ndidzabwerera kwathu m'bokosi. Kampani sinachedwe kupeza wina. Ndinalongedza sutikesi yanga, mtchona uja amene mkazi wake anamuchenjeza.

Blantyre ndinaipeza itasintha. Mavenda anali ponseponse m'misewu, maminibasi akulimbirana anthu, aliyense akulankhula za ndale mokweza osayang'ana kumbuyo. Ku Chilomoni nyumba zinali zitamera mpaka m'phiri, moti njira ya kwathu inandisokonekera. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato kuti kwa amake Lute n'kuti.

"Amake Lute? Kuja kwa vinyo wa Daisoni? Tsetserekani apo, mukaona mabenchi pakhonde."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinatsetsereka sutikesi ikulemera kuposa m'mene inalili pa depoti.

Nyumba inali yathu yomwe ija, koma ya malata atsopano, khonde lowonjezera, ndipo pa mabenchi panali amuna akumwa zofiira m'makapu a galasi. Ndinalunjika pakhomo. Mmodzi wa iwo anandigwira mkono.

"Madala, m'katimo salowamo. Ngati mukufuna kugula khalani pa benchi, amayi abwera."

Amake Lute anatuluka ndi jagi m'manja. Anali atanenepa, nkhope ikuwala. Atandiona anayika jagi pansi, n'kugwada, n'kundilonjera. Lute, amene ndinamusiya ali kumsana, anandipatsa moni wa mlendo n'kubwerera kukatsuka makapu. M'chipinda chakumbuyo ndinapezamo firiji yanga ikulira, ndipo m'mbali mwake munali zigubu zitandandalika, chilichonse chitavala baluni yachikasu yotsala pa kampeni, zonse zili chiimire. Ndinalawa. Madzi anayi, shuga wambiri, wosapsa. Thobwa la Daisoni.

"Mafirizesi okha sakanatidyetsa," anatero amake Lute. "Alamu ndiwo anandionetsa kapangidwe ka vinyoyu. Anthu anamukonda, dzina linangomera lokha."

Ndinangoti, "Chabwino."

Daisoni anafika sabata yotsatira, katoni ya uchi ili paphewa. Lute anamuthamangira akufuula kuti, "Ankolo! Ankolo!" Iye atandiona anaponya katoni pansi n'kundikumbatira, misozi ili m'maso, ndipo ndikudziwa kuti sinali yabodza. Koma ine maso anga anali pena. Ndinaona kuti polowa anatukula chitseko pang'ono, poti chimagwira pansi, chinthu chimene ine mwini nyumba ndinali ndisanachizolowere. Ankadziwa pokhala mchere. Ankadziwa kuti firiji ikayamba kulira mwachilendo umaimenya mbali iti. Akanena nthabwala amake Lute ankaseka mpaka kugwira khoma, akuti, "Alamu inu, mundipha!" Kuseka kumeneko ine ndinali ndisanakumvepo, ngakhale tili pa chibwenzi.

Ndinayamba kuwalonda ngati mlonda wa pa sitolo. Akamayeza uchi ndinkaima pakhomo. Akamalawa ndinkayang'ana ngati amwera kapu imodzi. Sindinaone kanthu, ndipo Daisoni dzuwa lisanalowe ankakwera minibasi kupita kwa mkazi wake ku Ndirande. Kusaona kanthuko kunkandipweteka koposa, chifukwa ndinkasowa poyambira mkangano. Kumuthamangitsa sindikanatha. Uchi wonse unkabwera ndi iye, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndiye ndinaganiza zoonetsa Chilomoni yense kuti mwini wake wa vinyo wafika. Uchi wa Daisoni ndinalumbira kuti sindiukhudza. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kugula mabotolo a sikwashi wa mphesa m'sitolo ya mmwenye, wokongola, wofiira kuposa uchi womwe.

Amake Lute ataona mabotolowo anati, "Bambo a Lute, sikwashi sawira. Ndinayesapo nthawi ina uchi utatha."

"Mukufuna kundiphunzitsa ine?" ndinatero. "Inu munayamba liti?"

Anangondipatsa chigubu chotsuka kale. Ndinachiika pakhonde dala, poonekera, n'kuchiveka baluni yofiira. Ndinauza makasitomala kuti akonzekere kulawa vinyo weniweni wa ku Kepi, osati zotsekemera za ana zimene akhala akumwazi.

Kunacha baluni ili lende. Kunachanso, chimodzimodzi. Ndinawonjezera yisiti, ndinachiika padzuwa, ndinachifunditsa bulangete, koma m'chigubumo munali zii. Zaka zonse zija ndinkagwira uchi wa m'firiji, umene umasungidwa ndi kuzizira kokha. Sindinaganizepo kuti chakumwa chokhala pa shelefu miyezi ndi miyezi osasasa amachithira mankhwala oletsa kuwira, ndipo mankhwala omwewo ndi amene ankapha yisiti yanga.

Anthu a pa benchi sakhululuka. Wina wosoka nsapato, dzina lake sindilitchula poti anapita kale, ankati akafika amavula chipewa n'kuipatsa moni baluniyo. "Kodi odwala agona bwanji lero? Amayi, baluni ya abamboyi yagwa m'papaya!" Khonde lonse linkafa ndi phwete. Ine ndinkasekerera mano okha, m'kati ndikuyaka.

Chimene chinandimaliza ndi Daisoni. Iye sanaseke. Anandiitanira pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aise, osadandaula. Tenga zitini izi upange wako uja, palibe cholipira." Chisoni chakecho chinandilasa kuposa chipongwe cha wosoka nsapato. Uchi umene ndinaumira nawo zala, lero ndizipatsidwa ngati wopemphetsa, m'nyumba mwanga momwe.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Linali Lamulungu masana anthu atatuluka m'tchalitchi, mabenchi opanda makasitomala. Kuchikazi kunabwera a Namaona, malume awo a amake Lute, ndipo kwathu kunabwera achimwene anga a ku Bangwe. Daisoni anaitanidwanso, ndipo anakhala pa mwala chapatali kapusi ili m'manja. Sutikesi yanga ndinaiika pakhomo, yolongedza kale, kuti aliyense aone kuti sindikuseka. Ndinanena kuti ndikubwerera ku Kepi, chifuwa chikandipha chikandiphe, banja lithere pomwepa.

A Namaona anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Akamwini, mwawagwira anthuwa?"

"Ayi."

"Alipo wakuuzani kuti anawaona?"

"Palibe."

"Nanga mlandu tikambe wotani?"

Pamenepo mawu anandibwerera onse pamodzi. Ndinati m'nyumba muno mulibe changa. Mwana amathamangira wina, mkazi amasekera wina, anthu akundiuza kuti ndikhale pa benchi. Ndinati ine ndinkauma ndi chisanu kuti pano pakhale moyo, koma pano ndinali nditafa kalekale, anthu anangoiwala kundiuza. Ngakhale vinyo amene ndinamutulukira ndekha akupangidwa m'njira ya mwini dzina, madzi anayi. Ndinanena mosabisa kuti ndili ndi nsanje, ndipo ikundidya usana ndi usiku. Achimwene anga anangoyang'ana pansi.

Amake Lute anadzuka, n'kulumpha sutikesi ija, n'kulowa m'nyumba. Tinamva chinthu cholemera chikukhwekhwerezedwa kuchokera kuchipinda. Anatuluka chammbuyo akukoka katoni yakale ya uchi, yafumbi, n'kuisiya pamapazi anga. M'katimo munali mabotolo okhaokha, ena akuda ndi ukalamba, ena ooneka atsopano.

"Malume, mundimvere," anatero atagwada. "Alamu akabwera ndi uchi, ndinkayamba ndapatula wa botolo limodzi. Madzi atatu, shuga pang'ono, kudikira baluni igwe yokha. Makasitomala samufuna ameneyu, amati ndi wowawa. Ndinkasungira mwini wake pansi pa bedi. Anandiuza kuti mvula ikagwa kawiri abwera, ndiye ndinkati asadzapeze m'nyumba mulibe chawo."

A Namaona anafunsa chimene ine ndinkalephera kufunsa, kuti nanga bwanji sanawatulutse tsiku limene ndinafika.

"Analowa ndi nkhope ya pamaliro, malume. Sanafunse kuti takhala bwanji zaka zonsezi, anathamangira kukawerenga zigubu. Bedi lomwelo akhala akugonapo masiku onsewa, maso ali pa alamu, osasuzumirako pansi. Ndinati asiyeni adye nsanje yawo akhute kaye."

Manyazi anandigwira, koma nsanje ndi matenda osamva mankhwala msanga. Ndinafunsabe kuti, "Zoti ndimadikira baluni igwe anakuuzani ndani?"

"Alamu omwewa. Tsiku lililonse akabwera ankati, achimwene aja amakonda wowawa, zathuzi sangamwe."

Ndinayang'ana Daisoni. Anali akupotokola kapusi yake, akumwetulira mwamanyazi. Ngakhale ichi, chinthu chokhacho chimene chinali changa m'nyumbamo, chinadzera pakamwa pake. Ndinafuna kumuthokoza, ndinafunanso kumugenda ndi botolo.

A Namaona anatenga botolo looneka lakale kuposa onse, analipukuta ndi mpango, n'kuthira m'kapu. "Mwini wake ayambe," anatero.

Ndinamwa. Abale anga, anali viniga weniweni. Zitsekerero zakale zija zinkalowetsa mpweya, ndipo vinyo anali atasasa kalekale pondidikira. Anandiwotcha kuyambira pa lilime mpaka m'chifuwa, misozi n'kulengeza, ndipo sindinganene kuti yonse inali ya viniga. Amake Lute ankandiyang'anitsitsa, manja atagwira m'mphepete mwa chitenje.

"Ali bwanji?" anafunsa.

"Wabwino," ndinatero. "Ndi yemwe uja."

Achimwene anga anadzuka mwakachetechete, ananyamula sutikesi ija n'kukaiponya kuchipinda. Daisoni ataona kuti mitambo yayera anasendera pafupi, pakamwa pake patabwerera, n'kutambasula dzanja.

"Ndiye tilaweko, aise, tikumbuke pa komponi."

Ndinakokera katoni ija pakati pa miyendo yanga.

"Wako ali m'zigubu umo, Chilomoni yense akumudziwa," ndinamuuza. "Uyu ndi wanga."

Ndinadzithiriranso kapu yachiwiri, mano akuchita dzanzi, ndipo sindinamugawire ngakhale dontho.